Ndinkati ndi chilungulira, chonsecho mitsempha ya mtima inali ikutseka

Ndine mphunzitsi wa sekondale, ndadutsa zaka 55, ndipo matenda a shuga ndakhala nawo zaka zoposa khumi. Kumayambiriro kwa 2023 ndinayamba kumva kutentha pachifuwa ndikamakwera chitunda chochokera pasiteji ya minibasi kupita kunyumba kwathu ku Chilomoni. Ndikaima pang'ono, kumazilala. Ndikayambanso kuyenda, kumabwerera. Pakachipatala kena kapafupi anandipatsa omeprazole wa chilungulira ndi mankhwala oyera a m'botolo aja, nati ndichepetse tsabola ndi nyemba. Funso loti ululuwo umabwera nthawi yanji silinafunsidwe.

Chonsecho nkhani inagona pa funso limenelo. Chilungulira chimayenda ndi chakudya, chimabwera munthu akadya kapena akagona atakhuta. Ululu wa mtima umayenda ndi ntchito: kukwera phiri, kunyamula thumba, kupsa mtima, ndipo umachoka ukapuma mphindi zochepa. Mukapita kuchipatala, nenani zimenezi m'mawu anu oyamba, musadikire kufunsidwa.

Usiku wina mu June, chiperoni chili pakati, ndinadzuka thukuta lili kamukamu. Pachifuwa panali polemera, ululu ukukwera mpaka kunsagwada ndi kuphewa lamanzere, ndipo ndinasanza. Mayi akunyumba anati, "Abambo, izi si zabwino, tiyeni tidzutse aneba atitengere kuchipatala." Ine ndinati kuche kaye. Tinapemphera, ndinamwa madzi ofunda, m'mawa ndinapezako bwino ndipo ndinapita kukayang'anira mayeso. Patapita miyezi, adokotala anandiuza kuti usiku umenewo mtsempha umodzi unatsekeratu ndipo kachigawo kena ka mnofu wa mtima kanafa. Anatinso anthu a shuga nthawi zambiri ululu wake sukhala woopsa kwambiri, n'chifukwa chake ambiri amaupirira kunyumba.

Ndikanadziwa, ndikanatafuna aspirin wa 300 mg nthawi yomweyo n'kuthamangira chipatala chachikulu chomwe chili ndi makina a ECG, ojambula kagundidwe ka mtima. Pali jakisoni wosungunula magazi oundana, monga streptokinase, koma amathandiza kwambiri m'maola oyambirira, ndipo pakadutsa maola 12 phindu lake limakhala litachepa kwambiri. Mnofu wa mtima ukafa sumeranso. Aspirin ndi wa amene thupi lawo silidana naye komanso sakutaya magazi m'mimba, ndipo salowa m'malo mopita kuchipatala.

Amene anandikankha ndi mayi wina namwino wa kumpingo kwathu. Anandiona ndili wefuwefu pamasitepe a tchalitchi nati, "Aphunzitsi, mawa lomwe mukajambulitse ECG, ndipo ndidzakufunsani Lamulungu." Kwa dokotala wa matenda a mtima, ECG inaonetsa chipsera chakale kumunsi kwa mtima. Echo, makina oona mtima ukugunda ofanana ndi amene amapimira amayi oyembekezera, inaonetsa kuti mtima wanga ukupopa 45 peresenti ya magazi olowamo, pamene wabwinobwino umapopa kuyambira 50 kapena 55 kupita m'mwamba. Anandiyambitsa aspirin, atorvastatin wochepetsa mafuta m'magazi, bisoprolol wochepetsa liwiro la kugunda kwa mtima, ndi kabotolo ka GTN kopopera kunsi kwa lilime ululu ukabwera. Kenaka anati pakufunika angiogram, kujambula mitsempha yeniyeni ya mtima, ndipo panthawiyo anandilangiza kuti ndikachitire kunja kumene angathe kujambula n'kukonza nthawi imodzi. Inu funsani kaye adokotala anu zomwe zikutheka kwathu kuno, poti zinthu zimasintha.

Njira zinalipo zingapo. Ena amapita ku Dar es Salaam, ku Jakaya Kikwete Cardiac Institute, ena ku Nairobi, ena ku Johannesburg, ambiri ku India. Palinso njira ya boma yotumiza odwala kunja, koma odikira ndi ochuluka, ndipo ife tinagwirizana kuti tidziyesere tokha. Pamenepa panabwera anthu olumikiza odwala ndi zipatala. Mmodzi anatilonjeza zonse, kuyambira viza mpaka galimoto yotitenga kubwalo la ndege, koma mtengo wake unali wokwera kusiyana ndi umene mwana wanga wamkazi anaupeza atalembera yekha pa imelo ku ofesi ya odwala ochokera kunja ya chipatala chomwecho. Zipatala zikuluzikulu za ku India zili ndi maofesi otere. Atumizireni ECG, echo ndi zotsatira za magazi, mufunse zipatala ziwiri kapena zitatu.

Pepala la mtengo lomwe tinalandira kuchokera ku chipatala cha mumzinda wa Chennai ku India linkati madola pafupifupi 5,000, ndipo pansi pake, m'zilembo zing'onozing'ono, linkati angiogram ndi sitenti imodzi, kachitsulo kamene amaika mumtsempha kuti ukhale wotseguka. Ife tinangoona nambala yaikuluyo. Funsani mafunso atatu musanayambe kusonkha: sitenti yachiwiri ndi yachitatu ndi ndalama zingati, mukapezeka kuti mukufunika opaleshoni yotsegula chifuwa mtengo ukhala wotani, ndipo tsiku lililonse loonjezera m'chipinda cha odwala mwakayakaya ndi zingati.

Ndalama tinazipeza movutikira. Tinagulitsa puloti ku Chileka, ndinatenga ngongole ku SACCO, ampingo anasonkha, inshuwalansi ya kuntchito inavomera kulipira gawo lochepa. Zonsezi zinali m'makwacha, zikudikira kubanki kuti madola apezeke. Pa 9 November 2023 tinadzuka kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama zomwe tinasonkha zinataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madola omwe zikanagula. Tsiku limenelo ndinapopera GTN kangapo. Amene anatiombola ndi achimwene anga a ku Joni, omwe analipira gawo lina kuchokera komweko molunjika ku akaunti ya chipatala. Ngati muli ndi m'bale kunja, musamuuze kuti atumize ndalama kumudzi kuti zisinthidwe kawiri. Alipire yekha kuchipatalako, inu musunge lisiti. Kubanki, kalata ya dokotala ndi invoisi ya chipatala mupite nazo tsiku loyamba lomwe.

Tinanyamuka mu January 2024, ine ndi mayi, kudzera ku Addis Ababa. Viza ya odwala imafuna kalata yoitanidwa ndi chipatala, ndipo wokuperekezani amakhala ndi viza yakeyake. Za katemera wofunika mufunse ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe nthawi ikadalipo. Tinafika sabata ya Pongal, chikondwerero chachikulu cha zokolola cha anthu a ku Tamil Nadu, dera lomwe kuli Chennai, ndipo madokotala akuluakulu ena anali patchuthi, choncho tinadikira masiku angapo tikulipira chipinda. Tinachita lendi kanyumba kokhala ndi khitchini pafupi ndi chipatala. Ufa womwe mayi ananyamula unatisunga, chifukwa chakudya cha kumeneko tsabola wake si wamasewera.

Asanandigwire anayeza impso. Madzi omwe amathira m'mitsempha kuti ioneke pa X-ray amalemetsa impso, makamaka za munthu wa shuga. Anandiuza kusiya metformin, mapiritsi anga a shuga, tsiku limenelo ndi maola 48 otsatira, n'kumandibaya insulin m'malo mwake.

Angiogram yeniyeniyo inandidabwitsa kuphweka kwake. Sakugoneka tulo. Umagona pakabedi kopapatiza m'chipinda chozizira kwambiri, makina a X-ray akuzungulira pamwamba pako. Anandibaya jakisoni wa dzanzi pamkono wamanja, pomwe timamanga wotchi, n'kulowetsa kapaipi kakang'ono mumtsempha umene anamwino amagwira akamamvera kugunda kwa mtima. M'menemo anadutsitsa katheta, kapaipi kataliatali kofewa, kukwera mkono wonse mpaka pakhomo pa mitsempha ya mtima. M'kati mwa mitsempha simumveka kukhudza, ndinangomva kukoka pang'ono m'chigongono ndi kutentha akathira madzi aja. Sipanathe theka la ola.

Adokotala anatembenuza sikirini kuti ndione. Mtima uli ndi mitsempha itatu ikuluikulu youpatsa magazi. Wakutsogolo, womwe amautcha LAD, unali utapanikizika pakati mpaka kutsala kanjira kakang'ono. Wakumanja, RCA, unangothera panjira, utatsekeka kotheratu, ndipo anati watero kwa miyezi. Mtsempha wotsekeka kopitirira miyezi itatu amautcha CTO, ndipo chotsekacho chimakhala chitauma gwa. Koma kumunsi kwa malo otsekekawo kunkaonekabe timagazi. Thupi linali litakulitsa timitsempha ting'onoting'ono tochokera kumanzere, monga anthu amapondera tinjira ta m'munda mlatho ukakokoloka. Timeneto ndi tomwe tinandisunga, koma tinkachokera ku LAD yemweyo amene nayenso ankatseka.

Tsiku lotsatira tinakhala pansi ndi madokotala awiri, wa makatheta ndi wa opaleshoni. Wa opaleshoniyo sanabise. Anati kwa munthu wa shuga amene mitsempha yake ingapo yawonongeka, makamaka itatu yonse, kafukufuku wamkulu wa mu 2012 wotchedwa FREEDOM anaonetsa kuti opaleshoni ya bypass imateteza moyo kuposa masitenti. Pa bypass amatsegula chifuwa, n'kutenga mtsempha wa m'kati mwa chifuwa kapena wa m'mwendo, n'kuusoka kuti magazi azilambalala potsekeka. Wa makatheta anati kwa ine mitsempha ndi iwiri, povuta pa LAD ndi pafupi ndipo si pachiyambi pake, choncho njira zonse ziwiri n'zotheka. Anawonjezera kuti kutsegula CTO cholinga chake chachikulu n'kuchotsa ululu ndi befu, osati lonjezo la zaka zambiri, ndiponso kuti sizitheka nthawi zonse.

Mayi anafunsa funso lomwe ine ndinkachita nalo manyazi: "Adokotala, nanga akanakhala bambo anu?" Anayankha kuti akanawauza zomwezi n'kuwasiya asankhe. Ndinasankha makatheta. Sindinganame kuti zinali za udokotala zokha. Bypass inkafuna kuti tikhale kumeneko masabata angapo fupa la pachifuwa likupola ndisanakwere ndege, ndipo ndalama za lendi ndi chakudya zinali zikutha. Mpaka lero sindinganene kuti aliyense asankhe monga ine. Chomwe ndinganene n'choti muumirire kuonana ndi madokotala onse awiri, chifukwa aliyense amakonda chida chake.

Anayamba ndi LAD. Anandimwetsa mapiritsi angapo a clopidogrel, oletsa magazi kuundana, nthawi imodzi, n'kulowanso pamkono. Kawaya kopyapyala, kosakwana theka la milimita, kanadutsa popanikizika paja, pamwamba pake n'kutsetsereka kabaluni. Atakapopa ndinamva ululu uja wa pachitunda, ndendende, moti ndinagwira bedi. Namwino anati ndizo zimayenera kuchitika, poti baluni imatseka magazi kwa masekondi ochepa. Akanandiuza kale sindikanaganiza kuti ndikufa. Kenaka anaika sitenti, kasefa kachitsulo kozungulira ka mamilimita atatu m'mimba mwake, kopakidwa mankhwala oletsa mnofu kumereranso m'kati. Dokotala wachinyamata amene ankathandizira anandiuza, pofuna kundichotsa mantha, kuti ntchitoyi inayamba mu 1977 ku Zurich ku Switzerland ndi dokotala Andreas Gruentzig, ndipo masitenti oyamba anaikidwa mu 1986 ku Toulouse ku France ndi ku Lausanne ku Switzerland. Ine ndinangoti bola si ine woyamba. Pamkono anandimanga kalamba kothina kwa maola ochepa, madzulo ndinali ndikuyenda m'khonde.

Mtsempha wakumanja anaudikiritsa masiku angapo kuti impso zipume. Apa ndi pomwe pepala lathu la sitenti imodzi linathera ntchito, ndipo tinasintha matikiti a ndege molipira.

Ntchito yachiwiriyi inali ina. Analowa malo awiri, pamkono ndi pamphechepeche, kuti azithira madzi kumanja ndi kumanzere nthawi imodzi n'kumaona mbali zonse za chotsekacho. Anayesa kuboola kutsogolo ndi mawaya osiyanasiyana, olimba ndi ofewa, koma ayi ndithu. Ndinkamva akutchula mayina a mawaya, namwino akung'amba mapaketi, ine ndikuwerenga mumtima kuti paketi iliyonse ndi ndalama. Patapita nthawi adokotala anati, "Bambo, kutsogolo kwakana, tilowera kumbuyo." Anadutsitsa waya wina kudzera mu LAD, kulowa m'timitsempha ting'onoting'ono tija, mpaka kukatulukira kuseri kwa chotsekacho. Njira imeneyi anaikulitsa ndi madokotala a ku Japan. Ngakhale pamenepo waya sanadutse pakati penipeni pa chouma chija. Anamuyendetsa m'kati mwa khoma la mtsempha, pakati pa zikopa zake, kulambalala chotsekacho, mpaka mawaya awiriwo anakumana. Njira yatsopanoyo anaikuza ndi baluni n'kuikamo masitenti awiri ataliatali olumikizana.

Zinatenga maola oposa atatu. Msana unawawa kuposa mtima, mkodzo unandigwira, ndipo sumaloledwa kugwedezeka. Pitani kuchimbudzi musanalowe, ndipo ululu ukakula nenani, ali ndi mankhwala. Pomaliza anandionetsa sikirini: mtsempha womwe unkathera panjira unali utadzaza mpaka kumapeto. Ndinalira, ndipo sindinasamale kuti anamwino akundiona.

Usiku umenewo unali wovuta. Ukaboola pamphechepeche umagona chagada maola ambiri mwendo uli chiwongolere. Ine ndinatsokomola mwamphamvu, magazi n'kutuluka pansi pa khungu, ntchafu n'kutupa. Namwino anakanikiza pamenepo ndi manja nthawi yaitali, ndipo kumeneko ndiye kuwawa kwenikweni komwe ndinakumva paulendo wonse. Ntchafu inada mpaka m'bondo kwa masabata. Mukafuna kutsokomola kapena kuyetsemula, gwirani pabalapo ndi dzanja, ndipo mukamva kutentha kapena kunyowa itanani msanga. Nazo impso zinadandaula, creatinine, chizindikiro cha m'magazi choonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, anakwera, anandiika madiripi n'kundisunga masiku ena awiri kufikira atatsika.

Bilu yonse ya chipatala inafika pafupifupi kawiri ya pepala loyamba lija. Kuonjezera matikiti a anthu awiri, kusintha tsiku, lendi, chakudya ndi mankhwala, tinawononga ndalama zoposa zomwe puloti ndi ngongole zinabweretsa pamodzi. Achimwene anatumizanso, ndipo mwana wanga anagulitsa galimoto yake osandiuza.

Tisananyamuke, adokotala anandigwira dzanja n'kunena chinthu chimodzi kawiri: aspirin ndi clopidogrel osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi kwa miyezi 12. Sitenti yatsopano ndi chitsulo chomwe chili pamtunda m'magazi, ndipo mpaka khungu la mtsempha litachikuta, magazi angathe kuundana pamenepo mwadzidzidzi n'kutseka zonse. Zikatero munthu amatha kufa asanafike kuchipatala. Ndinagula mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi komweko chifukwa ndi otchipa, ndi kalata ya dokotala yoonetsa pabwalo la ndege. Ndikanakhala ndi ndalama ndikanagula a chaka chonse, chifukwa atatha ndinazungulira mafamase angapo mu Blantyre ndisanapeze clopidogrel, nditatsala ndi mapiritsi owerengeka. Tsopano ndimagula ndikatsala ndi a mwezi wathunthu. Tenganinso CD kapena fulashi ya angiogram yanu, lipoti lonse, ndi kakhadi kolembedwa mtundu ndi kukula kwa masitenti. Kakhadiko kamakhala m'chikwama changa pamodzi ndi chiphaso cha unzika.

Pali tina ting'onoting'ono tomwe palibe amene amakuuza ukapanda kufunsa. Omeprazole uja amachepetsa mphamvu ya clopidogrel, choncho anandisinthira ku pantoprazole. Bulufeni ndi diclofenac, omwe timangogula paokala msana ukawawa, amawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba ndipo sagwirizana ndi mtima kapena impso. Ine ndimamwa panado basi. Chimbudzi chikada bii ngati phula, thamangirani kuchipatala. Ndipo abambo anzanga, mapiritsi owonjezera mphamvu kuchipinda monga Viagra saphatikizidwa ndi GTN, BP imatha kugwa mpaka munthu kukomoka. Funsani adokotala, anamva kale mafunso oposa amenewo.

Mayeso aakulu anabwera patatha miyezi inayi, dzino litandivuta. Wozula mano anati ndisiye mankhwala onse ochepetsa kuundana kwa magazi kwa sabata imodzi asanandizule. Ndinatsala pang'ono kuvomera, poti dzino likamawawa munthu suganiza. Mayi ndi amene anati, "Abambo, paja anakuuzani chiyani ku India?" Tinalemba uthenga pa WhatsApp kwa dokotala wa ku Chennai ndi wa kuno, ndipo onse anayankha chimodzimodzi: osasiya. Dzino linazulidwa ndikumwa mankhwala, anasoka n'kundilumitsa thonje nthawi yotalikirapo. Magazi anatuluka ndithu, koma anasiya. Aliyense wokuuzani kusiya mankhwala amenewa, kaya ndi dokotala wa mano, wa maso, kaya m'busa amene wakupemphererani, ayambe walankhula ndi dokotala wanu wa mtima.

Mantha nawo ndi matenda. Miyezi yoyamba kalikonse kolasa pachifuwa ndinkadzutsa nyumba yonse. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono pabwalo la sukulu, mphindi khumi, kenaka makumi awiri, mpaka theka la ola masiku ambiri pasabata, ndipo kuyendako ndi komwe kunandibwezera chikhulupiriro m'thupi langa. Nsima ndinachepetsa n'kusinthira ku mgaiwa, mchere wapatebulo ndinauchotsa, chiwaya cha pamsika ndinatsanzikana nacho. Masitenti atatuwo anakonza malo awiri okha, matenda omwe anatseka mitsempha akadali m'thupi lonse, ndiye shuga, BP ndi mafuta ndimayezetsa monga mwa masiku omwe andilembera.

Chaka chitakwana, adokotala a kuno anandisiyitsa clopidogrel, koma aspirin, atorvastatin ndi bisoprolol ndi a moyo wonse. Befu anatha ndipo GTN sindikumbuka tsiku lomwe ndinapopera komaliza. Echo yaposachedwa inaonetsa 48 peresenti. Kachigawo komwe kanafa usiku wa mu June kaja sikanadzuke, ndipo anandiuza kuti sikadzadzuka. Ngongole ya ku SACCO akudulabe pamalipiro mwezi ndi mwezi, ndipo galimoto ya mwana wanga sindinabweze.